Nyengo za Obira pa Cisumbu ca Mafia

Dziko lathu la Zambia liribe nyanja yamcere. Tiri nayo mitsinje yaikuru, monga Zambezi, Kafue ndi Luangwa, ndiponso nyanja za madzi opanda mcere, monga Bangweulu, Mweru ndi Kariba. Koma munthu wofuna kuona nyanja yamcere ayenera kuturuka m'dziko lino. Njanji ya TAZARA, yoyambira ku Kapiri Mposhi, ithera ku Dar es Salaam, mzinda waukuru wa dziko la Tanzania, ndipo mzinda umenewu uli m'mphepete mwa nyanja yochedwa Indian Ocean. Mukatsata gombe pa mapu anu kulinga kum'mwera, mtunda wa makilomita oposa 100, mudzapeza cisumbu copenyana ndi mathiriro a mtsinje wa Rufiji. Dzina lace ndi Mafia.

Cisumbu cimeneci si cacikuru. M'litali mwace muli makilomita ngati 50. Anthu ace ayankhula Ciswahili. Ambiri ndi asodzi, ena alima kokonati, cinangwa ndi mpunga, ndipo mudzi wao waukuru ndi Kilindoni, kumadzulo kwa cisumbu. Koma alendo ocokera ku maiko akutali sadzera kokonati kapena mpunga. Iwo adzera munda wina umene uli pansi pa madzi, ndipo kuti auone bwino ayenera kubira, ndiko kunena kulowa pansi pa nyanja ndi kukhalako nthawi.

Munda umenewu ndi wa korali. Munthu akaona korali poyamba aganiza kuti ndi mwala kapena citsamba couma, pakuti wina ali ndi nthambi ngati mtengo wopanda masamba, wina ndi wophwatalala ngati licero, wina wobulungira ngati dzungu. Koma korali ndi tizirombo tamoyo. Kaciromboko kali ndi thupi lofewa, kawirikawiri locepa koposa njere ya cimanga, ndi kamwa lozingidwa ndi timanja tambiri. Kamatenga njereza ya m'madzi amcere ndi kudzimangira kanyumba kolimba. Tizirombo tikafa tinyumba tao titsala, ndipo tina timamanga pamwamba pace. Inu mudziwa kuti ciswe ndi kanthu kakang'ono, koma cimautsa culu coposa msinkhu wa munthu. Momwemonso tizirombo ta korali tamanga matanthwe aatali makilomita ambiri. Nchito yao ndi yocedwa ndithu: korali wa nthambi akula masentimita ngati 10 pa caka, ndipo wobulungira uja akula ngati sentimita imodzi yokha.

M'thupi mwa kaciromboko mukhala tindere tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tindereto tipanga cakudya ndi kuwala kwa dzuwa, monga acita masamba a mitengo, ndipo tigawirako mwini nyumba. Ndi tomweto tipatsa korali maonekedwe ace. Cifukwa cace korali womanga matanthwe afuna madzi ofunda, oyera, ndi osazama kopambana, kumene dzuwa lifika. Sungani zimenezi m'mutu, pakuti tidzabwererako.

Pa matanthwe a ku Mafia pakhala nsomba za mitundu mazana angapo. Pali ina yochedwa pono, ya kamwa lolimba ngati la cinkhwe, imene ikukuta matanthwe ndi kupera zimene yaluma. Zoturuka m'mimba mwace zisanduka mcenga woyera wa pa gombe. Palinso nsomba yaikuru yokonda kubisala m'mapanga, imene Aswahili aicha chewa. Musaseke, ana a Acewa inu. Maina angofanana, palibe cibale.

Kale asodzi ena anali kuononga malo amenewa. Anali kuponya m'madzi mabomba a dainamaiti, yemwe uja aswera miyala ku migodi. Bomba likaphulika nsomba zinali kufa zazikuru ndi zazing'ono zomwe, ndipo korali amene anakula zaka makumi ambiri anali kusweka kamphindi kamodzi. Ena anali kukumba korali ndi kumtentha kuti apeze njereza yomangira nyumba. Tsono m'caka ca 1995 boma la Tanzania linapatula madzi a kum'mwera ndi kum'mawa kwa cisumbuco, masikweya kilomita 822, kuti akhale malo ochinjirizidwa, ndipo linawacha Mafia Island Marine Park. Awa ndiwo anali malo oyamba otere a m'nyanja m'dziko lonselo. Afanana ndi malo athu osungira nyama ku Luangwa, koma asiyana pa cinthu cimodzi: m'kati mwace muli midzi ya anthu, ndipo anthuwo adya za m'nyanja. Motero malowo anagawidwa. Kwina kusodza nkoletsedwa konse, kuti nsomba ziswane. Kwina eni midzi aloledwa kusodza ndi zida zosaononga. Mlendo ali yense alipira msonkho wa tsiku ndi tsiku pokhala m'menemo.

Tsopano tione za munthu wobira. Wopanda zida akalowa pansi akhalako mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo mpweya umthera. M'caka ca 1943 anthu awiri a ku France, Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan, anapanga cida cimene cilola munthu kunyamula mpweya wace ndi kusambira momasuka, wopanda cingwe comlumikiza ku ngalawa. Masiku ano zida zotere zichedwa scuba. Wobira abereka kumsana botolo lacitsulo m'mene apopera mpweya wambiri mwamphamvu, monga mucita popopa njinga, koma koposa kutalitali. Kucokera ku botolo kuli paipi yofika kukamwa, ndipo pa paipiyo pali kacida kocepetsa mphamvu ya mpweyawo kuti udze monga mwa kufuna kwa mapapo ace. Kumaso abvala galasi lophimba maso ndi mphuno, kumapazi zipsepse zamphira, ndipo m'cuuno amanga lamba wa mtobvu womthandiza kutsika. Salowa yekha. Lamulo ndi lakuti obira ayende awiriawiri, ndipo popeza sangathe kuyankhula pansi pa madzi, amvana ndi zizindikiro za zala.

Mtsikana ali yense amene asenza mtsuko kucokera ku citsime adziwa kuti madzi alemera. Ife tonse tipsinjidwa ndi mpweya wa kumwamba, koma tinazolowera, sitikumva. Munthu akatsika mamita 10 pansi pa nyanja, kupsinjako kuwirikiza kawiri. Pa mamita 20 katatu. Pa mamita 30 kanai. Coyamba kudandaula ndi makutu. Amene anabirapo pa dziwe lozama adziwa kuwawa kwace. Wobira wophunzira atsina mphuno ndi kuuzira pang'ono, mpweya nulowa m'kati mwa makutu, kuwawa nkuleka. Ndiponso botolo lace litha msanga akazama, pakuti pa mamita 30 kupuma kumodzi kudya mpweya woyenera kupuma kanai pamwamba. Oyamba kumene aloledwa kufika mamita 18 okha, ndipo obira mwa cisangalalo sapitirira mamita 40.

Pali cinanso codabwitsa. Madzi ameza maonekedwe a zinthu, ndipo oyamba kuzimirira ndi ofiira. Munthu akatsika mamita ocepa cabe, nsomba yofiira ioneka yakuda, ndipo akadziceka cala pansi penipeni, magazi ace aoneka obiriwira. Ndico cifukwa cace obira ena atenga toci ngakhale dzuwa liri pamutu.

Koma kukhala nazo zida sikukwanira. Mlimi angakhale ali ndi khasu lakuthwa ndi mbeu zabwino, sabzala cimanga ca kumunda m'mwezi wa Julayi. Nyanja nayonso iri ndi nyengo zace. Mtsogoleri wa obira asanakweze anthu m'ngalawa afuna kudziwa ngati nyanja iri bata, ngati madzi ali oyera, ndiponso kumene madziwo akulowera. Zimenezi zilamulidwa ndi mphepo, mvula ndi mwezi wa kumwamba.

Mphepo zazikuru za ku gombe limenelo ndi ziwiri, ndipo zipatsana nthawi. Yoyamba Aswahili aicha kaskazi. Icokera kumpoto ca kum'mawa, ndipo iomba kuyambira ngati Novembala kapena Disembala kufikira Marici. Yaciwiri ndi kusi, yocokera kum'mwera ca kum'mawa, imene iomba kuyambira Epulo kufikira Seputembala kapena Okutobala. Kalekale, zombo zamoto zisanakhaleko, amalonda a ku Arabia ndi ku India anali kudza ndi kaskazi m'zombo zao zamathanga, nagulitsa katundu wao ku Zanzibar ndi ku Kilwa, nayembekeza kusi kuti iwabweze kwao. Wocedwa kunyamuka anali kukhala caka cathunthu ku dziko la eni.

Kusi si mlendo kwa ife. Mphepo yozizira ija iomba kuno m'miyezi ya Juni ndi Julayi, imene itisweka milomo ndi kutiunjika pa moto m'mawa, icokera ku mbali yomweyo. Asodzi a ku nyanja ya Malawi aicha mwera, ndipo aiopa cifukwa igubuduza mabwato. Ku Mafia nakonso kusi ndiyo mphepo yamphamvu, makamaka mu Juni, Julayi ndi Ogasiti. Iomba pa nyanja yaikuru yopanda phiri kapena mtengo woichinga, niutsa mafunde aatali amene adza kudzasweka pa matanthwe a kum'mawa kwa cisumbu. Kaskazi ndi yofatsa poiyerekeza ndi mnzace.

Apa mpofunika kudziwa mapangidwe a malowo. Kum'mwera ca kum'mawa kwa Mafia nyanja inalowa m'kati mwa mtunda nipanga dziwe lalikuru lochedwa Chole Bay. Cisumbu ca Mafia cilichinga kumpoto ndi kumadzulo, ndipo tizisumbu ta Chole ndi Juani tilichinga kum'mwera. Liri ngati khola la ng'ombe, ndipo cipata cace cacikuru, copenya kum'mawa, cichedwa Kinasi. Ngalawa za obira, zimene ziri zamatabwa monga za asodzi, zinyamuka pa mudzi wa Utende m'kati mwa dziwelo. Tsono pali malo obirira a mitundu iwiri: a m'kati mwa khola ndi a kunja kwace.

M'kati mwa dziwe mafunde akuru salowa, motero anthu atha kubiramo pafupifupi caka conse. Koma malo amene obira awalakalaka kopambana ali kunja. Kumeneko kuli matanthwe oima ngati khoma la nyumba, monga la Dindini, okhala ndi mapanga ndi nsomba zazikuru. Pa nyengo ya kusi ngalawa siziturukira pa cipata ca Kinasi masiku ambiri. Pansi penipeni pa nyanja pakhoza kukhala bata ndithu, pakuti mafunde abvuta pamwamba. Koma munthu ayenera kuyamba kuoloka pamwambapo, ndipo potsiriza ayenera kukweranso m'ngalawa yobvina, ali wotopa, ndi citsulo colemera kumsana. Apo ndi pamene anthu abvulala. Kusi ikaleka, ca mu Okutobala, cipata citseguka, ndipo kuyambira pamenepo kufikira Febuluwale kapena Marici ndiyo nyengo yabwino ya kunja. Masiku abwino munthu apenya nsomba iri mamita 20 kapena kuposa kucokera pamene ali.

Mvula ya kumeneko isiyana ndi yathu. Ife tiri ndi dzinja limodzi, koma iwo ali ndi mvula ziwiri. Yaing'ono, yochedwa vuli, igwa ca mu Novembala ndi Disembala, ndipo siletsa nchito. Yaikuru, yochedwa masika, iyamba kumapeto kwa Marici nikula mu Epulo ndi Meyi. Taonani kuti liu limeneli kwa ife litanthauza nyengo yokolola, pamene kwa Aswahili ndi nyengo ya mvula yamphamvu. Pa miyezi imeneyi madzi a kumtunda akokolola dothi ndi zinyalala kulowa nazo m'nyanja, mitambo iphimba dzuwa, ndipo madzi abvunduka. Wobira saona patali, ndipo nyumba zambiri za alendo zitsekedwa kufikira mvula itatha.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga mtsinje wa Rufiji, umene uli waukuru koposa yonse ya m'Tanzania, suipitsa madzi a ku Mafia ndi matope ace?" Uipitsa ndithu, koma mbali imodzi yokha. Mtsinjewo uthira kumadzulo kwa cisumbu, ndipo madzi a kumeneko sayera kwenikweni. Kum'mawa kupita madzi a nyanja yaikuru, amene ayenda kulinga kumpoto caka conse ngati mtsinje wopanda magombe, ndipo ndi oyera. Ndico cifukwa cace korali wabwino ali kum'mawa ndi kum'mwera.

Komabe madzi amatope ali ndi mphatso yao. Matope a mtsinje ndiwo manyowa a nyanja. Adyetsa tizomera tosaoneka, tizomerato tidyetsa tizirombo tonga nkhanu tating'onoting'ono, ndipo tizirombo timeneti tiitana nsomba yaikuru koposa nsomba zonse za pa dziko lapansi, imene Angerezi aicha whale shark. Ya msinkhu wace ifika mamita 12 kapena kuposa, koma za ku Mafia zambiri ndi zosakhwima, zocepera pamenepo. Khungu lace ndi la mawangamawanga ngati nkhanga. Ngakhale iri ya mtundu wa shaki, siluma munthu. Ingoyasama ndi kusefa cakudya cace m'madzi. Nsomba zimenezi zikhala pafupi ndi cisumbu caka conse, koma kuyambira Okutobala kufikira ca mu Marici ziyandama pamwamba pafupi ndi Kilindoni. Pokaziona anthu satenga botolo lija. Abvala galasi ndi kapaipi kopumira, nasambira pamwamba pambali pa nsombayo, ndipo kuikhudza nkoletsedwa.

Mphepo ndi mvula zisankha miyezi, koma ora lobirira lisankhidwa ndi mwezi wa kumwamba. Nyanja zathu zidzala ndi mvula ndi kuphwa m'cirimwe, kamodzi pa caka. Nyanja yamcere idzala ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Mwezi uli ndi mphamvu yokoka madzi, ndipo pamene dziko lizungulira, madziwo akwera pa gombe kwa maora ngati 6, natsikanso maora ngati 6. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mu mdima, dzuwa lithandizana nao kukoka, ndipo madzi akwera kopambana ndi kutsikanso kopambana. Masiku amenewo Aswahili awacha bamvua, ndipo ku Mafia kusiyana kwa madzi odzala ndi ophwa kufika mamita 3 kapena kuposerapo. Ngalawa imene inali kuyandama m'mawa muipeza itagona pa mcenga masana, ndipo akazi ayenda pansi pamene panali nyanja, kufunafuna pweza, nyama yofewa ya miyendo isanu ndi itatu imene ibisala m'maenje a matanthwe. Mwezi ukakhala theka madzi sasintha kwambiri, ndipo masiku amenewo achedwa maji mafu, ndiko kuti madzi akufa.

Tsopano ganizirani za khola lija. Madzi onse odzaza dziwe lalikurulo ayenera kulowa ndi kuturuka kawiri pa tsiku, ndipo ambiri apita pa cipata copapatiza ca Kinasi. Ng'ombe zambiri zikamaturuka pa cipata cimodzi zikankhana, madzinso atero. Pa masiku a bamvua athamanga pamenepo ngati mtsinje wosefukira, ndipo palibe munthu, ngakhale wamphamvu, angathe kusambira motsutsana nao.

Wobira wanzeru alowa pa Kinasi pamene nyanja iri kudzala, makamaka itatsala pang'ono kufika pa malire ace, liwiro litayamba kucepa. Zifukwa zace ziripo ziwiri. Madzi olowa acokera ku nyanja yaikuru, ndipo ndi oyera. Madzi oturuka adzera m'matope ndi m'mizu ya mitengo ya mikoko imene imera m'mphepete mwa dziwe, ndipo aturuka obvunduka. Cifukwa caciwiri ncoposa coyamba. Madzi olowa akamkoka munthu amtengera m'kati mwa khola, kumene kuli magombe mbali zonse. Madzi oturuka amtengera ku nyanja yaikuru, kumene mutu wa munthu pakati pa mafunde uoneka ngati kokonati yoyandama, ndipo woyendetsa ngalawa akhoza kumtaya. Cifukwa cace obira anyamula thumba lalitali lofiira, limene aliuzira mpweya kuti liime pamwamba pa madzi, ngalawa iwaone ndi kuwatsata.

Mungaganize kuti obira adana nao madzi othamanga, koma si tero. Madzi oyenda adza ndi cakudya, ndipo nsomba zazikuru zisonkhana pa cipata, zonse zitapenya kumene madzi acokera. Wobira sadzibvuta kusambira. Angodzipereka, madzi namnyamula pang'onopang'ono kumpititsa pa matanthwe, ndipo iye aona zonse monga munthu wopenya pa zenera la sitima. Koma awa ndi malo a ozolowera. Oyamba kumene aphunzira pa malo osazama a m'kati, pa nthawi imene madzi aima.

Nthawi ya kudzala kwa nyanja icedwa mphindi ngati 50 tsiku liri lonse, cifukwa mwezi nao ucedwa kuturuka. Ngati lero ngalawa yanyamuka pa 8 koloko m'mawa, mawa idzanyamuka 9 koloko itatsala pang'ono. Werengani nokha nthawi imene idzanyamuka patapita masiku 7. Motero ku Utende belu la cakudya litsata nyanja. Mlendo waulesi amene afuna kugona kufikira dzuwa litakwera auzidwa kuti madzi sadikira munthu. Nthawi zimenezi ziwerengedwa caka cisanayambe, ndipo zilembedwa m'kabuku kamene oyendetsa zombo aciyang'ana monga ife tiyang'ana kalendala.

Madzi a ku Mafia ndi ofunda caka conse. Mu Julayi ndi Ogasiti atsika kufika madigiri ngati 25, ndipo ca mu Marici akwera kufika 29 kapena 30. Komabe madzi alanda kutentha kwa thupi msanga koposa mpweya, kotero kuti munthu akakhala pansi ora lathunthu ayamba kunjenjemera. Ndico cifukwa cace obira abvala cobvala camphira cothina thupi, makamaka pa nyengo ya kusi.

Kumbukirani tindere tija tokhala m'thupi mwa korali. Korali akonda madzi ofunda, koma kufunda kwace kuli ndi malire. Madzi akatentha kuposa mwa masiku onse, ngakhale ndi digiri imodzi yokha, nakhala otero masabata angapo, kaciromboko kataya tindere tace. Pamenepo korali ayera mbuu ngati pfupa. Sanafe, koma ali ndi njala, pakuti wompatsa cakudya wacoka. Madzi akazizira msanga tindere tibwerera. Akacedwa, korali afa. M'caka ca 1998 madzi a Indian Ocean anatentha kopambana, ndipo korali wambiri anafa kuyambira ku gombe la Africa kufikira ku zisumbu za Seychelles ndi Maldives. Ku Mafia thanthwe lochedwa Tutia, kum'mwera kwa malo ochinjirizidwa, linaonongeka koopsa, pamene korali wa m'kati mwa Chole Bay anapirira koposa. Zoterezi zinaonekanso m'nyanja zambiri mu 2016 ndi mu 2024, pakuti nyanja za dziko lonse zirikutentha cifukwa ca utsi wa malasha ndi mafuta amene anthu atentha.

Alonda a boma akhoza kugwira woponya bomba, koma sangathe kugwira kutentha kwa madzi. Ndipo taonani: masiku a bata a kumapeto kwa kaskazi, pamene mphepo yagona, dzuwa liri ng'aa, madzi ali mbee, ndiwo masiku amene obira akondwera nao, koma ndi masiku omwewo amene korali ali pa ngozi. Kusi, imene itsekera obira m'khola, ndiyo idza kudzabvundula nyanja ndi kuiziziritsa. Ndiponso siidza cimanjamanja. Pa miyezi yace anamgumi acokera ku nyanja zozizira za kum'mwera kwa dziko kudzabala ana m'madzi ofunda, ndipo nthawi zina wobira amva kulira kwao pansi pa madzi ngakhale sawaona. Pa magombe a kum'mawa kwa Juani akamba a m'nyanja akwirira mazira mumcenga, ndipo patapita miyezi iwiri tiana tituruka ndi kuthamangira ku mafunde. Zimenezi zioneka kopambana kuyambira Juni kufikira Seputembala.

Catsala ndi kukwera, ndipo nyengo iri yonse ngozi yaikuru ya wobira iri pamenepa. Baluni wouziridwa pa mamita 10 akakwera pamwamba akula kawiri. Mapapo a munthu nao angatero, nang'ambika, ngati iye akwera atagwira mpweya. Motero lamulo loyamba limene aphunzira ndi lakuti asaleke kupuma. Laciwiri ndi lakuti akwere pang'onopang'ono. Mpweya umene tipuma uli ndi mbali yaikuru yochedwa naitrojeni, ndipo munthu akakhala pansi naitrojeniyo alowerera m'magazi ace cifukwa ca kupsinja kwa madzi. Munaona botolo la zakumwa zozizira: lisanatsegulidwe muli zii, koma mukalitsegula mwadzidzidzi thobvu liwira. Magazi a munthu wokwera mothamanga acita cimodzimodzi. Thobvulo liwawitsa mfundo za mafupa, likhoza kupuwalitsa miyendo, ngakhale kupha. Wodwala nthenda imeneyi aikidwa m'cipinda cacitsulo m'mene apopera mpweya kuti apsinjidwenso monga anali pansi, ndipo zipinda zotere ndi zowerengeka ku gombe lonselo. Cifukwa cace obira aima pa mamita 5 kwa mphindi zitatu asanaturuke, kuti naitrojeni acoke ndi kupuma.

Ngakhale ataturuka, wina atsalabe m'thupi kwa maora ambiri. Alendo ambiri acoka ku Mafia pa ndeke zazing'ono zopita ku Dar es Salaam, ndipo kumwamba mpweya upepuka, monga ngati botolo lija latsegulidwanso. Munthu amene wabira masiku otsatana ayenera kudikira maora 18 asanakwere ndeke, ndipo ambiri adikira tsiku lathunthu. Pa tsiku limenelo zida zitsukidwa ndi madzi opanda mcere ndi kuyanikidwa pa mthunzi. Eni ace aoloka pa kangalawa kupita ku Chole, kumene kuli mabwinja a nyumba zamiyala za amalonda akale, zimene mizu ya mikuyu inazikulunga ndi kung'amba makoma ace. M'mitengo ya kumeneko mulendewera mileme yaikuru yodya zipatso, ndipo pa gombe amisiri asema matabwa a zombo zamathanga, za mtundu womwe uja zinali kudza ndi kaskazi.